Kwa aphunzitsi a Chichewa a m'zoni yathu

Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga kuno ku Kasungu? Ndati ndingoyankhula pakamwa, muzimvetsera popita kunyumba. Nkhani ndi phunziro la nthano la ku Sitandade 4 sabata yamawa.

Chonde musayambire pa bolodi. Choko chikhale kaye m'thumba. Nenani "Padangokhala," ana ayankhe "Tili tonse," ndiye musimbe ya Kalulu uja anakana kukumba chitsime. Pofika pa nyimbo, imbani nawo, koma maso ali pa ana. Onani amene waigwira msanga. Kawirikawiri ndi uja wa kumbuyo, wa kope loyera mbee. Ameneyo si mbuli ayi, iye amagwira ndi khutu. Muimitseni, abwereze nthano yonse m'mawu ake. Ine zimandipweteka kuti ana otere timawalembera ziro chaka chonse tisanawamve n'komwe.

Mukatero agaweni. Aja osakhazikika, a mapazi oyabwa, apite pansi pa mtengo akakonze sewero: wina Kalulu, wina Njovu, wina Fulu wobisala m'madzi. Okonda kujambula muwapatse makala ndi katoni, ajambule chitsime, koma asathere pomwepo. Pansi pa chithunzi alembe mawu. Akakanika, tengani zitsekero za mabotolo, mulembepo maphatikizo, chi, tsi, me, asanje okha ndi manja mpaka atchule. Amene amawerenga kale bwino asakhale manja lende, alembe mathero ena a nthanoyo, madzulo akafunse agogo mwambi wogwirizana nayo.

Eya, ndisaiwale. Inu amene muli ndi ana ochokera cha kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, ena kwawo amayankhula Chitumbuka. Mwana akati "maji," anzake asamuseke. Lembani maji ndi madzi moyandikana, aone yekha pamene pasiyana. Wovutika kumva kapena kuona akhale kutsogolo, ndipo poyankhula muzimuyang'ana.

Ndikudziwa wina akuti mayeso a MANEB ku Sitandade 8 ndi olemba, osati oimba. Zoona. N'chifukwa chake mphindi khumi zomaliza aliyense, wa sewero ndi wa nyimbo yemwe, agwire pensulo alembe chiganizo chimodzi cha zomwe wachita. Chimodzi basi.

Makope asanu a ana amene amakuvutani kwambiri mubwere nawo ku TDC, likulu lathu la aphunzitsi m'zoni, Lachisanu, tidzaone limodzi. Zikomo, muswere bwino.