Kwa achimwene, pa nkhani ya galimoto ya ku Ulaya imene mukufuna kugula

Achimwene, ndikukhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse. Ife kuno ku Leeds tili bwino. Zithunzi za magalimoto awiri zimene munanditumizira pa WhatsApp ndaziona, ndipo ndasankha kuyankha ndi mawu chifukwa nkhaniyi ndi yofunika kuifotokoza mofatsa. Ngati n'kotheka muumvere uthengawu muli limodzi ndi alamu, popeza ndalama zimene tikukambazi mwazisunga nonse awiri.

Yankho langa ndi lakuti BMW 335i ya 2008 ija komanso BMW 320d ya 2010 ija, zonse ziwiri sindikukulangizani kuti mugule. Sindikutanthauza kuti musiye kulakalaka galimoto yamphamvu ya ku Germany, ayi, chifukwa mwagwira ntchito zaka zambiri ndipo palibe cholakwika munthu kufuna galimoto yomusangalatsa akakhala pa chiwongolero. Chimene ndikufuna n'chakuti galimotoyo ikafika ku Lilongwe iziyenda tsiku ndi tsiku, isakhale yongoima pabwalo kudikira sipeya yochokera kunja.

Tiyambe ndi ndalama. Mtengo umene mukuuona pa Auto Trader, tsamba la pa intaneti logulitsirapo magalimoto kuno, ndi chiyambi chabe. Galimoto ikagulidwa iyenera kupita kudoko, ilipiridwe sitima yapamadzi mpaka ku Dar es Salaam, ilipiridwe za padoko kumeneko, kenako woyendetsa aibweretse mpaka pachipata cha Songwe, pamene ejenti ndi a MRA akuidikira. Msonkho wa galimoto yogwiritsidwa kale ntchito umakwera molingana ndi zaka zake komanso kukula kwa injini, choncho injini ya malita atatu ya chaka cha 2008 imalipira kwambiri mbali zonse ziwiri. Pamwamba pa izi pali kulembetsa ku Road Traffic, COF ndi inshuwalansi. Maganizo anga ndi akuti mtengo wogulira kunowu usafike theka la ndalama zonse zimene muli nazo, ndipo zonse zikalipiridwa patsale ndithu kangachepe kokonzera zimene zidzatulukire m'chaka choyamba.

Magalimoto amtunduwu amatsika mtengo mofulumira akamakalamba, koma masipeya ake satsika nawo. Injini ya 335i imatchedwa N54, ili ndi masilinda 6 ndi ma turbo awiri, ndipo mphamvu yake ndi 306 PS (PS ndi muyezo wa mphamvu ya injini). Kuthamanga imathamanga, palibe angatsutse. Vuto ndi lakuti imadziwika ndi kufa kwa pampu yokankha petulo mwamphamvu, ma injector ake amene amagulidwa modula ndipo alipo 6, ma turbo amene amayamba kugogoda akatopa, ndiponso pampu ya madzi yoyendera magetsi imene imatha kusiya kugwira ntchito popanda chenjezo, injini n'kutentha muli pakati pa ulendo. Chilichonse mwa zinthu zimenezi mudzachigula ndi mapaundi kapena marandi, pamene malipiro anu ndi a makwacha. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mavuto opezera ndalama zakunja kubanki mukuwadziwa kuposa ine. Wogulitsa galimoto yotereyi motchipa nthawi zambiri amakhala ataona kale kuti ndalama zokonzera zayandikira. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ya dizilo ija ili ndi nkhani yakeyake. Injini yake, N47, simwa mafuta ambiri, koma tcheni chimene chimayendetsa mavavu anachiika kumbuyo kwa injini, kumbali ya giyabokosi, moti chikatamuka makaniko amayenera kutsitsa injini kapena giyabokosi kuti achifikire, ndipo chikaduka muli paulendo injini yonse imaonongeka. Dziwaninso chimodzi mwa zifukwa zimene magalimoto a dizilo a zaka zimenezi atchipira kuno. Kuyambira mu Ogasiti 2023, lamulo la ULEZ likugwira mzinda wonse wa London, ndipo galimoto ya dizilo yosafika pa muyezo wa utsi wa Euro 6 imalipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse limene yayenda m'derali, choncho eni ake ambiri anazitaya pamsika. Kutchipa kumeneku kumakopa anthu athu ambiri, koma galimotozi zili ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa yokha pokhapokha galimoto ikayenda mtunda wautali injini ili yotentha. Maulendo anu ambiri ndi ochoka kunyumba kupita ku City Centre ndi kukatula ana kusukulu, pang'onopang'ono pamzere wa magalimoto, ndipo mayendedwe oterewa ndi amene amatseka sefayo. Pachifukwa ichi ndikuti tiyang'ane ya petulo.

Ngati mtima wanu uli pa BMW basi, injini imene ndingaikhulupirire ndi N52, ya masilinda 6 yopanda turbo, imene inali mu 325i ndi 330i kuyambira 2005 mpaka chakumapeto kwa 2007 pamsika wa kuno. Imadontha oyilo m'magasiketi ikakalamba ndipo nayonso pampu yake ya madzi ndi yamagetsi, koma zonsezi ndi zokonzeka popanda kugulitsa munda. Zimene zinatuluka pambuyo pake ndi mayina omwewo zili ndi injini ina, N53, imene kampaniyo sinaitumize kumayiko amene petulo wake anali ndi sulufule wambiri, ndipo imeneyo tiipewe. Chovuta n'chakuti galimoto ya N52 tsopano yayandikira zaka makumi awiri, kutanthauza msonkho wokwera, mapaipi ndi malabala ouma, komanso dzimbiri.

N'chifukwa chake ine ndikupendekera ku Volkswagen Golf GTI. Injini yake ndi ya malita awiri yokhala ndi turbo imodzi, choncho msonkho ndi mafuta zimakhala zopepukirapo, koma pamsewu siikuchititsani manyazi. Pali mibadwo itatu imene ingafike m'thumba mwathu. Ya Mk5, kuyambira 2004 mpaka 2008, ili ndi mphamvu ya 200 PS ndipo mavavu ake amayendera lamba amene ayenera kusinthidwa pa nthawi yake, komanso ili ndi kachitsulo kakang'ono pansi pa pampu ya petulo kamene kamaperepeseka, kotchipa kukasintha koma kowononga zambiri kakanyalanyazidwa. Ya Mk6, kuyambira 2009 mpaka 2012, ili ndi 210 PS ndipo imayendera tcheni. Zoyambirira zake zinali ndi chokungira tcheni chofooka chimene kampani inadzachikonza, ndiye ndisanagule ndidzafuna kuona lisiti losonyeza kuti chinasinthidwa. Ya Mk7, imene inayamba mu 2013 ndi 220 PS, ndi yabwino kuposa zonsezi, ngakhale imakonda kudontha madzi pa pampu ndi pa thermostat. Ndalama zikalola ndingakonde Mk7 ya zaka zoyambirira, zikapanda kulola titenge Mk6 ya 2012 yosamalidwa bwino. Audi A4 ya 2.0 TFSI ya zaka za 2008 mpaka 2011 musaiganizire n'komwe, chifukwa zambiri zimamwa oyilo mopitirira muyezo.

Chinanso chimene chikundikokera ku Golf ndi South Africa. Volkswagen ili ndi fakitale ku Kariega, kumene kale kunkatchedwa Uitenhage, ndipo GTI ndi galimoto yokondedwa kwambiri m'dziko limenelo, choncho masipeya atsopano ndi akale omwe amapezeka ku Johannesburg ndipo akhoza kukwera basi n'kukupezani m'masiku ochepa. Izi zikuposa kudikira katundu wochokera kuno.

Pa giyabokosi, ndikupempha kuti mulole tigule ya magiya osintha ndi dzanja. Ndikudziwa kuti alamu anazolowera otomatiki, ndipo ya DSG imene ili mu GTI imasintha magiya mofulumira mosangalatsa, koma imafuna oyilo wakewake pa mamailosi 40,000 alionse, omwe ndi makilomita pafupifupi 64,000, ndipo kabokosi kamene kamailamulira kakafa ndi ndalama zambiri komanso amisiri odziwa kukakonza ndi ochepa. Klatchi ya manyuwo makaniko aliyense wodziwa ntchito akhoza kuisintha. Alamu akaona kuti sizingatheke, tidzafuna ya DSG yokhala ndi malisiti onse a oyilo, ndipo popanda malisitiwo sitigula.

Tsopano za ntchito imene ndidzagwire ine kuno. Mwayi wa magalimoto a ku Britain ndi wakuti chiwongolero chili kumanja ngati kwathu, komanso mbiri yake siibisika. Galimoto iliyonse ikakwana zaka zitatu imayesedwa chaka ndi chaka pa MOT, ndipo aliyense amene ali ndi nambala yake akhoza kuona zotsatira zonse kwaulere pa tsamba la boma la pa intaneti: mtunda umene inali itayenda chaka chilichonse, zimene inalephera, ndi zimene woyesa anachenjeza. Mtunda ukaoneka kuti unatsika m'malo mokwera, ndiye kuti wina anabweza mita. Kumbukiraninso kuti manambalawo ndi mamailosi, moti mukaona 100,000 dziwani kuti ndi makilomita oposa 160,000. Ndidzalipiranso kafukufuku wa HPI, amene amaulula ngati galimoto ili ndi ngongole, inabedwa, kapena inachita ngozi mpaka a inshuwalansi kuilemba kuti Cat S kapena Cat N. Ya Cat N ndi imene thupi lake lenileni silinakhudzidwe, pamene ya Cat S ndi imene inaphwanyika mpaka thupi lenileni, ndipo ngakhale itchipe bwanji sindingalole kuti ana akweremo. Chikalata cha boma cholembetsera galimoto, V5C, chiyenera kugwirizana ndi nambala ya chesesi ndi adiresi ya wogulitsa.

Zikalata zikakhala bwino ndidzapita ndekha kukaiona, ndipo ndidzamuuza mwini wake kuti asailize ndisanafike, chifukwa phokoso la tcheni ndi utsi wa injini yotopa zimaonekera bwino injini ikayamba kulira ili yozizira. Ndidzasuzumira pansi pake, popeza nthawi yozizira misewu ya kuno amaithira mchere, ndipo mcherewo umadya mapaipi a mabuleki ndi zitsulo zogwira matayala akumbuyo, pamene pamwamba penti akuwala bwinobwino. Ndidzapewa galimoto imene mwini wake anaisintha kompyuta kuti iwonjezere mphamvu, kapena anaitsitsa kuti ikhale pafupi ndi nthaka, chifukwa GTI zambiri zadutsa m'manja mwa anyamata amene amaziyendetsa mwankhanza. Ndikadapeza ya munthu wachikulire, yokhala ndi buku la sevisi lodindidwa chaka ndi chaka, ndikadaitenga ngakhale mtunda wake utakhala wochulukirapo. Ndingakondenso kugula kwa ogulitsa magalimoto ovomerezeka kusiyana ndi munthu wamba, chifukwa lamulo la 2015 loteteza ogula limandipatsa masiku 30 obweza galimoto ikapezeka ndi vuto, ndipo masiku amenewo ndidzayenda nayo kuno tisanaikweze sitima. Chonde musatumize ndalama kwa munthu aliyense wa pa Facebook amene akulonjeza kukutumizirani galimoto imene ine sindinaione ndi maso anga.

Pali zina zimene zili m'manja mwanu kumeneko. Magalimotowa anawapangira misewu yosalala, ndipo ndi ofupika. Marimu akuluakulu okhala ndi matayala opyapyala amaoneka bwino pachithunzi, koma dzenje limodzi la pa msewu wathu wa M1 nthawi ya dzinja likhoza kuphwanya tayala ndi rimu yomwe, choncho ndidzafuna ya marimu a mainchi 17 ngati ilipo. Apanso BMW ija ikanakuvutani, chifukwa imabwera ndi matayala a run-flat, amene amayendabe kamtunda akaphwa mpweya, ndipo ilibe la sipeya. Toyota yanu yakale ija musaigulitse, ikhale yopitira kumudzi kwa amayi ndi kunyamulira chimanga, pakuti msewu umene uja Golf siingaupirire mvula ikagwa. Musanavomereze kugula, funsanifunsani mumzindamo makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya Volkswagen, ndipo mukaone nokha ngati pagalaja pake pamabwera magalimoto amtunduwu. Oyilo wake ndi wa synthetic wa muyezo umene walembedwa m'buku, ndipo poganizira fumbi ndi kutentha kwa kwathu muzimusintha chaka chilichonse kapena pa makilomita 10,000, osadikira nthawi yaitali imene amalola kuno.

Chimene ndikupempha sabata ino ndi chakuti mupite kwa ejenti wovomerezeka ndi MRA, akuwerengereni msonkho ndi zolipira zonse za pachipata pa magalimoto awiri, Golf GTI ya 2012 ndi ya 2014, zonse za injini ya 1984cc, ndipo akulembereni papepala. Mukanditumizira manambalawo ndidzawaphatikiza ndi mtengo wa sitima umene ndikufunsa kuno, kenako tidzadziwa ndalama zenizeni zimene ndingapite nazo kwa wogulitsa. Mundiuzenso zimene alamu anena pa nkhani ya magiya ija ndisanayambe kuimbira anthu mafoni. Mupereke moni kwa amayi ndi ana onse.