Chiwindi chikadwala, khasu tiliike pansi liti?

Zikomo a Gulupu, mafumu nonse, a komiti ya zaumoyo, amayi ndi abambo. Amene mwakhala kumbuyo kwa mtengowo, mawu akapanda kufika kwezani dzanja.

Lero ndabwera ndi nkhani ya chiwindi. Pali funso limene odwala amandifunsa gadiyani akangotuluka panja, titatsala awiri m'chipinda. Amatsitsa mawu n'kunena kuti, "Adokotala, ndiye ntchito ndisiye?" Munthu akafunsa choncho amakhala akuganiza za fizi ya ana, za ngongole ya feteleza, ndiponso za mmene adzamuonere anthu akamangokhala pakhonde anzake ali kumunda.

Ndikuuzeni za anthu awiri, maina sinditchula. Woyamba anali bambo wosunga katundu pa esiteti ina. Anapita kukapereka magazi kwa m'bale wake, kumeneko n'kumuuza kuti ali ndi kachirombo ka hepatitis B, kamene kamagwira chiwindi. Sabata yomweyo analemba kalata yosiya ntchito, nanyamula katundu kubwerera kumudzi kukadikira imfa. Titamuyeza bwinobwino patapita miyezi, chiwindi chake chinali chikugwira ntchito ngati cha munthu wina aliyense. Ntchito inali itapita. Wachiwiri anali mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, wonyamula anthu kuchokera pa Chinkhoma kupita ku boma ku Kasungu. Mimba inali itatupa, maso achikasu, ndipo mkazi wake anandiuza kuti masiku ena amaiwala kumene akupita ndi pasinjala. Ameneyu ankakana kutsika panjinga. Mmodzi anasiya asanayenere kusiya, winayo anakakamira nthawi yosiya itapitirira kale. Onse awiri anachita zimenezi chifukwa cha mantha, ndipo palibe amene anakhala nawo pansi kuwafotokozera.

Chiwindi chili pansi pa nthiti za kumanja apa. Mwa munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Chimasefa zoipa m'magazi, chimasunga mphamvu ya nsima imene mwadya, chimapanga ndulu, chimapanganso zinthu zothandiza magazi kuundana mukadzicheka. Chikavulazidwa kwa zaka zambiri chimachita zipsera n'kuyamba kuuma. Kuuma kumeneku ndi kumene kuchipatala timati cirrhosis. Kuno kwathu zimene zimachivulaza n'zodziwika: hepatitis B, imene ambiri amaitenga pobadwa kapena ali ana, mowa, makamaka kachasu, likodzo la m'matumbo limene timalitenga m'madambo ndi m'madimba, ndi chuku cha m'chimanga ndi mtedza. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, choncho ambiri amene takhala pano tinabadwa iye asanafike.

Tsono mvetsetsani apa. Chiwindi ndi chiwalo chopirira kwambiri. Munthu akhoza kukhala ndi hepatitis B zaka makumi angapo, ngakhale kukhala ndi zipsera ndithu, koma n'kumalima, kuphunzitsa, kusoka zovala, kugulitsa pamsika. Dzina la matenda palokha silikuuzani kuti siyani ntchito. Funso loti mukafunse kuchipatala ndi lakuti, "Chiwindi changa chafika pati? Chikugwirabe ntchito kapena chayamba kulephera?" Musachite manyazi kufunsa kawiri. Paja safunsa anadya phula. Ku chipatala cha boma ku Kasungu amayeza magazi ndi kuunika mimba, ndipo zikafunika amatumiza munthu ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kukhosi kuti aone ngati mitsempha ya kum'mero yatupa. Hepatitis B ili ndi mankhwala ake, tenofovir, omwe aja amapezekanso m'ma ARV. Si aliyense amene amafunika kuyamba kumwa, koma amene wayamba asamadumphitse kapena kusiya yekha, chifukwa kachiromboko kamadzuka ndi ukali.

Kulephera kwa chiwindi kuli ndi zizindikiro zake, ndipo zimenezi ndiye zimasintha nkhani ya ntchito. Mimba kudzaza madzi, miyendo kutupa, maso kuchita chikasu. Kusanza magazi, kapena chimbudzi chakuda bii ngati phula la pamsewu. Chimenechi si chodikira kuti kuche, thamangani naye usiku womwewo. Koma chizindikiro chimene ndikufuna amayi ndi ana a m'nyumba muchidziwe ndi kusokonekera kwa mutu. Zoipa zimene chiwindi chalephera kusefa zimafika ku ubongo. Munthu amayamba kugona masana, usiku n'kukhala maso. Amasokoneza chenji, amakwiya msanga, akatambasula manja amagwedezeka ngati mapiko a nkhuku. Mwini wake sadziona, amene amaona ndinu. Munthu wotere asakwere njinga yamoto, asayendetse galimoto kapena thirakitala, asagwire ntchito pachigayo, asakwere pamwamba pa chigafa kukapachika fodya. Apa sindinyengerera. Atsike lero, chifukwa pamsana pake pamakhala mwana wa mwini. Pali mankhwala otsekemera otchedwa lactulose amene amathandiza kutulutsa zoipazo kudzera kuchimbudzi, ndipo ambiri mutu umabwerera m'malo, koma zobwerera panjinga akanene ndi adokotala.

Tibwere kwa inu olembedwa ntchito, aphunzitsi, alonda, a m'masitolo ndi m'maesiteti. Ndikupemphani chinthu chimodzi: musalembe kalata yosiya ntchito muli ndi mantha. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala, masabata 4 akulandira malipiro onse ndi masabata 8 akulandira theka, pa chaka, bola pakhale kalata ya dokotala. Masabata 12 amenewo ndi nthawi yokwanira kuyezetsa, kuyamba mankhwala ndi kuona mmene thupi likumvera. Ngati mumadulidwa ndalama ya penshoni, ija ya 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse pamene abwana amaonjezera 10, dziwani kuti munthu amene dokotala watsimikiza kuti sangathenso kugwira ntchito akhoza kupempha ndalama zake asanafike zaka zopumira. Kupuma ntchito chifukwa cha matenda ndi kungosiya nokha n'zosiyana pamapepala. Musanasaine chilichonse, pitani ku ofesi ya leba ku boma mukafunse, mutenge ndi munthu wodziwa kuwerenga bwino. Kambiranani ndi abwana zosintha ntchito: mlonda wa usiku apite masana, wonyamula matumba akhale wolemba matumbawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndamva kunong'ona kumbali uko, ndipo mukunena zoona. Ambiri pano bwana wathu ndi munda, ndipo munda supereka tchuthi. Mvula ikagwa siifunsa ngati mwachira. Nkhani ya mlimi ndi imene imandigonetsa mochedwa.

Kwa mlimi, kusiya ntchito si chitseko choti watseka kamodzi basi. Ntchito za pamunda n'zambiri, ndipo sizilemera mofanana. Munthu amene mimba yake ili ndi madzi kapena amene anasanzapo magazi asanyamule thumba la feteleza la makilogalamu 50, asakanikize mabelo pajeke, asagalauze munda dzuwa lili paliwombo. Kukakamiza mimba yotupa kumatulutsa mchombo, ndipo amene akumwa mapiritsi ochotsa madzi m'thupi amachita chizungulire msanga padzuwa. Asabereke sipuleya kupopera mankhwala mu fodya, chifukwa zimene zalowa pakhungu ndi m'mphuno zimakathera kuchiwindi chomwecho. Koma kusoka fodya pamthunzi angathe. Kusankha fodya m'magiredi angathe, ndipo nthawi zambiri diso la wamkulu ndi limene limadziwa tsamba. Kuyang'anira nkhuku ndi mbuzi, kulemba za aganyu, kusankha mtedza. Ndipo kusankha mtedza musakuone ngati ntchito yachabe. Wofota ndi wachuku uja timakonda kuusiya pakhomo kuti tisinje nsinjiro, wabwino n'kupita kwa mavenda. Chuku chimenecho chikakumana ndi hepatitis B m'thupi limodzi, ngozi ya khansa ya chiwindi imakula kwambiri. Tayani woolawo, ndipo lekani kuwaza madzi pa mtedza kuti usweke mosavuta.

Sindikufuna kuti wodwala angogona pamphasa tsiku lonse. Matendawa amadya minofu, manja ndi ntchafu zimatha pamene mimba ikukula, ndipo kungokhala kumafulumizitsa zimenezi. Aziyenda, azigwira zopepuka m'mawa kusanatenthe, akatopa apume. Azidya pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku, nyemba, mazira, soya, nsomba, ndipo asanagone amweko kaphala kuti thupi lisadzidye lokha usiku. Amene ali ndi madzi m'mimba, mchere uchepe kwambiri, ndi soda wa mu therere yemwe. Mowa ayi, ngakhale wamasese, ngakhale kapu imodzi ya pamaliro. Akamva kuwawa atagwira ntchito asagule brufen, indocid kapena aspirin pagolosale, amenewa angayambitse kutaya magazi m'mimba ndi kuononga impso. Panado ndiye amaloledwa, koma wochepa, afunse mlingo wake kuchipatala. Ndipo ndinene mwaulemu pamaso pa akuluakulu: mimba ikatupa ambiri timayamba taganiza kuti munthu anamudyetsa. Mabotolo a zitsamba zosadziwika mlingo amakasefedwa ndi chiwindi chotopa kale chija. Ndaonapo anthu amene anabwera akuyenda, atamwa zimenezo n'kubweranso atanyamulidwa.

Tsopano ndilankhule ndi eni mbumba, atsibweni ndi apongozi. Bambo amene ali pachikamwini akayamba kufooka, chimene amaopa kwambiri si imfa. Amaopa mawu akuti, "Mkamwini wanji wosalima?" Chifukwa cha mawu amenewo amadzuka m'bandakucha ndi khasu mimba itatupa, mpaka kukagwera mumzere. Mayi naye ntchito yake palibe amene amaiwerenga: madzi kumjigo, nkhuni, mtondo, mwana kumsana, kenako kumunda. Tikamati wodwala apepukidwe, ndowa ya malita 20 ija ichoke pamutu pake. Khalani pansi ngati banja dzinja lisanafike. Chaka chino tilima maekala angati? Fodya amene amafuna manja chaka chonse, kuyambira kunazale mpaka ku okushoni, tingamuchepetse n'kuonjezera soya kapena mtedza? Gawo lina la munda mukhoza kubwereketsa kwa nyengo imodzi, koma musathamangire kugulitsa. Ndalama ya thiransipoti yopita kuchipatala muziyiika padera mukangogulitsa mbewu, kapena kubanki mkhonde, chifukwa amene amasiya mankhwala ambiri si kuti safuna, koma yokwerera yasowa. Mwana wa sukulu asakhale woyamba kuchotsedwa m'kalasi kuti alowe m'malo mwa bambo ake. A mfumu, pakhomo pamene wodwala ndiye anali mzati ndipo palibenso wina wamphamvu, muzipakumbukira kalembera wa Mtukula Pakhomo akabwera, ndipo a mipingo, tsiku limodzi lopalira m'munda mwa wodwala limaposa ulendo wokamuona muli manja lende.

Ilipo nthawi imene munthu amayenera kusiyiratu. Madzi akamabwerera m'mimba pakangopita masabata ochepa atawapopa, akamagonekedwa kuchipatala kawirikawiri, akamalephera kufika ngakhale kuchimbudzi osapumira panjira, kapena akapezeka ndi khansa, mphamvu yotsalayo aisungire kudya, mankhwala ndi ana ake. Ameneyo sanachite ulesi. Muthandizeni kulongosola za munda, za ngongole ndi za ziweto mutu wake ukadali bwino, ndipo funsani kuchipatala za chisamaliro chochepetsa ululu kuti asavutike kunyumba.

Agogo afunsa kuti kodi munthu wa hepatitis B tingadye naye mbale imodzi, ndipo angagulitse mandasi kapena kuphika pasukulu? Inde agogo, angathe. Kachiromboka sikayenda m'nsima, m'kapu kapena pogwirana chanza. Kamayenda m'magazi, pogonana, ndi kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa. Chofunika n'chakuti asabwerekane lezala, mswachi kapena singano, ndipo mkazi kapena mwamuna wake ndi ana akayezetse. Mayi woyembekezera amene ali nako anene kusikelo msanga kuti mwana atetezedwe. Choncho palibe chifukwa chomuchotsera munthu ntchito kapena kuthawa malonda ake.

Amene muli ndi mabuku a kuchipatala ndipo mukufuna tione limodzi zimene analembamo, ndikhala m'kalasi umo tikamaliza, muzilowa mmodzimmodzi. Bambo mwaimika dzanja kumbuyoko, yandikirani kuno kuti onse amve funso lanu.