Kompyuta yakale imene CD drive yake inafa

Zikomo amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyoko sendezani mipando kuno, chifukwa zina zomwe ndikuonetseni lero ndi tinthu ting'onoting'ono.

Bokosi lili patebuloli lakhala zaka lili pakona, fumbi lili mbuu. Eni ake anandiuza kuti kompyuta inafa. Nditawafunsitsa, anati Windows inasokonekera, ndiye pofuna kuikamo ina, CD drive inakana kutseguka. Basi n'kuisiya. Ndabwera nayo kuti mudzionere nokha kuti chinafa n'chiwalo chimodzi chokha, chiwalo chakenso choti kompyuta imagwira ntchito bwinobwino popanda icho.

Musanagwire kalikonse, zulani pulagi kukhoma, kenako dinikizani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Mukachotsa chivundikiro cha m'mbali, yambani mwakhudza chitsulo cha bokosilo, poti thupi la munthu limasunga timagetsi tokwanira kuononga RAM, timabolodi timene kompyuta imasungamo zomwe ikugwira panthawiyo. Kabokosi kali ndi fani yakeyake aka ndi power supply. Aka kokha musakatsegule, mumatsala mphamvu ngakhale mutazimitsa.

Tiyeni ku drive. Pansi pa thireyi pali kabowo ngati kobooledwa ndi singano. Ndawongola kawaya komanira mapepala aka, ndikulowetsa molunjika, ndikukankha pang'ono... mwamva kuti khe? Thireyi yasuzumira, kotsalako ndikoka ndi zala. Tsono taonani mkatimu. Pali lamba wamng'ono wa labala wochoka pa kamota kupita pa kagudumu. Labala akakalamba amatamuka, ndiye mukadina batani kamota kamangolira, thireyi ili duu. Kawirikawiri mlandu umakhala pamenepa. Mupukuteni ndi mankhwala otsukira zipangizo otchedwa isopropyl alcohol, akapitiriza kuterereka muikepo wina wa saizi yomweyo. Ngati thireyi ikutseguka koma disiki sikuwerengeka, pukutani kagalasi ka laser ndi kathonje, mopepuka, osakanikiza. Ikakanabe, onani ngati zingwe zakumbuyo zalowa bwino. Zikakhala kuti zili bwino ndiye kuti laser yatopa, ndipo ine ndikafika apo sindilimbana nayonso.

Abambo mwakweza mkono apo, mukufunsa zoikamo drive ina? N'zotheka, bola muyang'ane kaye chingwe. Chikakhala chophwatalala ngati lamba, cha mabowo 40, imeneyo ndi IDE. Chikakhala chopyapyala, ndi SATA, imene inayamba kufala cha m'ma 2003. Ziwirizi sizilowana. Za IDE zilinso ndi kapulasitiki kumbuyo kosankhira master kapena slave, ndipo zipangizo ziwiri zikakhala pachingwe chimodzi zonse zili pa master, kompyuta imatha osaziona.

Koma kunena zoona, ndalama yanu musayambire kuithera pamenepo. CD imanyamula 700 MB, DVD wamba 4.7 GB. Fulashi ya 8 GB ili m'dzanja langayi ikuposa zonsezo, ilibe lamba, ilibe galasi. Mumapita pa kompyuta ina yamoyo, kutsitsa pa intaneti fayilo ya ISO, imene ndi disiki yonse yoikira Windows kapena pulogalamu ina yonga iyo yosungidwa mu fayilo imodzi, n'kuilemba pa fulashi ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Rufus. Apa ndikupempheni chinthu chimodzi: Rufus imafufuta zonse zili pa fulashi. Ine ndinabwerekapo fulashi ya achemwali anga, ndinadina osawerenga chenjezo, zithunzi za ana awo zonse n'kupita. Mpaka lero akandiona ndi fulashi m'manja amabisa yawo.

Fulashi ilowetseni kumabowo a kumbuyo, omwe ali pa motherboard penipeni, bolodi lalikulu lija lomwe ziwalo zonse zimalumikizidwapo, chifukwa akutsogolo ndi amene amayamba kutha. Mukangoyatsa, dinani mobwerezabwereza batani lobweretsa mndandanda wa poyambira. Pa Dell nthawi zambiri ndi F12, pa HP ndi F9, ndipo polowa mu BIOS, kapulogalamu ka pa motherboard kosankhira poyambira kompyuta, makina ambiri amafuna Del kapena F2. Mukapanda kuona mawu oti USB musataye mtima msanga. Ma BIOS ena akale amaiwerengera fulashi m'gulu la ma hard disk, ndiye mukaisake kumeneko n'kuikweza pamwamba. Anthu ambiri amagonjera pamenepa, chikhalirecho fulashi ilipo, yangobisala. Makinawo akakhala akale zedi moti USB sayambira nayo n'komwe, masulani hard disk, mukaimange mu kompyuta ina, muikemo Linux, imene imagwira ntchito yofanana ndi ya Windows, mudzaibwezere. Linux imalola kusamutsidwa chonchi, pomwe Windows kawirikawiri imanyanyala.

Nanga tiikemo chiyani? Ndikudziwa ena mumaikonda Windows XP, nanenso ndinaphunzirira pomwepo. Koma inatuluka mu 2001, ndipo Microsoft inasiya kuitsekera mipata ya akuba mu 2014. Windows 7 nayo anaisiya mu 2020. Zolembera makalata zingathe, koma kulowa nazo pa intaneti, makamaka pa zandalama, ayi. Ngati processor, ubongo wa kompyuta, ndi ya 64-bit ndipo RAM ikufika 2 GB, yesani Linux Mint ya mtundu wopepuka wotchedwa Xfce, ngakhale imapuma bwino pa 4 GB. Ikakhala ya 32-bit kapena RAM ndi yochepa, antiX kapena Puppy Linux ndiye zoyenera. Ubwino wake, zimenezi zimayaka kuchokera pa fulashi musanaike kalikonse, ndiye mumayamba mwakopera zithunzi ndi makalata a pa hard disk yakaleyo kupita kwina, kenako n'kumafufuta mtima uli m'malo.

Ndatsala pang'ono kuiwala kabatire kooneka ngati kandalama aka. Ndi CR2032, ka mphamvu ya ma volt 3, ndipo ndi kamene kamasunga tsiku ndi zomwe mwasankha mu BIOS. Kakatha, mumakonza lero kuti iyambire pa fulashi, mukazula pulagi yaiwala. Tsikunso limabwerera zaka zam'mbuyo, masamba a pa intaneti n'kumakana kutseguka ati si otetezeka, inu n'kumada netiweki. Kasintheni, sikavuta. Muli momwemo pemererani fumbi pa fani, zulani RAM n'kuibwezera mpaka imveke kuti yakhala, ndipo muyang'ane timigolo ta pa motherboard iti, ma capacitor. Pamwamba pake payenera kukhala posalala. Mukaona totupa kapena totuluka zinthu zofiirira, ndiye chifukwa chake kompyuta imazima yokha, ndipo apo mpofunika munthu wodziwa kuwotcherera.

Za bokosi lathuli ndaona zili bwino, kabatire ndasintha, fulashi ili kumbuyo. Amayi muli kutsogoloku, tabwerani. Ine ndiyatsa, inu chala chikhale pa F12, ndipo muyambe kudina sikirini isanalembe kanthu.