Kompyuta ya Linux ikakana kuyaka chifukwa cha disiki ya Windows

Takulandirani owonera nonse, ndikulankhula nanu kuchokera pa boma la Dedza. Sabata yatha aphunzitsi ena a ku Linthipe anandibweretsera kompyuta ya Ubuntu, womwe ndi mtundu wina wa Linux, imene inasiya kuyaka atalumikizamo disiki ya Windows yochokera mu laputopu yawo yakale. Iwo ankaganiza kuti disikiyo yafa, koma inalibe vuto lililonse.

Taonani pa sikirini. Kompyuta ikudikira masekondi 90, kenako ikuima pa mawu akuti emergency mode. Chayambitsa zimenezi ndi mzere umodzi wa mu fayilo ya /etc/fstab, momwe mumalembedwa madisiki oyenera kutsegulidwa poyaka. Systemd, pulogalamu yoyendetsa ntchito zoyatsa Linux, imaona disiki iliyonse yolembedwamo ngati yofunika kwambiri, kotero imodzi ikapanda kupezeka kapena ikakana kutseguka, zonse zimaima.

Dinani Enter, kapena lembani pasiwedi ya root (akaunti yoyang'anira kompyuta yonse) ngati yafunsidwa, ndipo mulembe mount -o remount,rw / kuti muthe kusintha mafayilo. Tsegulani fstab ndi pulogalamu yosinthira mafayilo ya nano, muike chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere wa disikiyo, kenako muyatsenso kompyuta.

Tsopano tione chimene chinalakwika. Aphunzitsiwa analemba /dev/sdb1, koma dzina lotere limatha kusintha mukabayamo fulashi kapena disiki ina. Lembani blkid, mukopere UUID, nambala yapadera yozindikiritsa disikiyo, muiike m'malo mwa dzinalo, ndipo muwonjezere mawu akuti nofail kuti kompyuta iziyaka ngakhale disikiyo palibe.

Vuto lachiwiri ndi limene limasokoneza ambiri. Kuyambira pa Windows 8, yomwe inatuluka mu 2012, pali Fast Startup, imene imachititsa kuti mukadina Shut down kompyuta isazimiretu koma isunge mbali ya ntchito yake pa disiki. Linux ikapeza disiki ya NTFS (kasungidwe ka mafayilo ka Windows) ili chomwecho, imakana kuitsegula kapena imangolola kuwerenga popanda kulembamo, poopa kuwononga mafayilo. Magetsi akathima mwadzidzidzi, monga timazolowera kuno, disiki imathanso kutsala yosatsekedwa bwino.

Bwezerani disikiyo mu laputopu yake, muyatse Windows, mutsegule Command Prompt ngati administrator, mulembe powercfg /h off, kenako muzimitse. Ngati magetsi ndiwo anayambitsa, yendetsaninso chkdsk /f, lamulo la Windows lofufuza ndi kukonza disiki. Ine sindikonda kuthamangira ntfsfix, chida cha Linux chokonzera NTFS, chifukwa imangokonza zolakwika zochepa ndipo siingalowe m'malo mwa chkdsk, makamaka pa disiki yosunga malikisi a ana a sukulu.

Mukabwezera disikiyo mu kompyuta ya Ubuntu n'kuiyatsa, chotsani chizindikiro cha # chija mu fstab ndipo musanayatsenso mulembe sudo mount -a. Pakapanda kutuluka uthenga uliwonse, mzerewo uli bwino. Pakatuluka cholakwika, chikonzeni pomwepo kompyuta ikadali yoyaka.