Investment Banking Kapena Uloya wa Makampani? Bodza la Maola 40 Lithere Pano

[Kamera kutsogolo]

Muli bwanji a kuno ku Chipata, a ku Katete, Petauke, Lundazi, ndi inu amene mukuonera muli m'basi ya ku Lusaka, netiweki ikudukaduka pa mlatho wa Luangwa. Funso la lero atumiza ndi amayi ena amene mwana wawo wakhoza bwino giredi 12. Akuti, mwanayu akufuna ntchito ya ndalama, alowe investment banking kapena akhale loya wa makampani? Amayi, khalani pansi, ndikuyankhani. Enanu dinani kaye subscribe ndi kabelu kaja, n'kwaulere, sikudya bandulo.

Mwachangu. Investment banker si uja wa pa kauntala ku Zanaco wokuwerengerani makwacha. Ndi munthu wothandiza boma kapena kampani kubwereka ndalama zochuluka, kugulitsa masheya, kapena kugula kampani inzake. Loya wa makampani nayenso si uja wa mkanjo wakuda ku High Court. Iyeyu amalemba ndi kusefa mapangano, khoti amangolidutsa pamsewu. Chitsanzo ndi chathu chomwe: Zambia italephera kulipira ngongole ya Eurobond, imene boma linabwereka m'misika ya ndalama ya kunja, mu Novembala 2020, za manambala ankalangiza boma ndi a banki ya Lazard, za malamulo anali a femu ya maloya ya White & Case. Nkhani imodzi, matebulo awiri.

Choyamba, malipiro.

[Pa sikirini: manambala]

Ku New York, banki ya Goldman Sachs inakweza malipiro a analyst (udindo woyambirapo ku banki yotere) wa chaka choyamba kufika madola 110,000 pachaka mu 2021, bonasi pambali. Loya woyamba kumene m'mafemu akuluakulu a kumeneko, monga Cravath, anayamba kulandira madola 225,000 pachaka mu 2024. Ku London, mafemu ngati Freshfields ndi Clifford Chance anafika mapaundi 150,000 kwa loya amene wangomaliza maphunziro a ntchito.

Ndiye loya wapambana? Dikirani. Ku America uloya amauphunzira zaka 3 pamwamba pa digiri ya zaka 4, ndipo ambiri amatuluka ndi ngongole ya sukulu pamsana. Pamene loyayo akuyamba, mnzake wa ku banki wadya kale malipiro a zaka zitatu. Komanso ndalama ya wa ku banki yagona pa bonasi: chaka cha madili ambiri amasangalala, chaka chouma ena amawaonetsa khomo. Ya loya imakwera mwadongosolo chaka ndi chaka.

Ndakuonani, achimwene, mwatsegula kale kalikyuleta kuti musinthe madolawo akhale makwacha. Tsekani. Amenewo ndi malipiro a New York ndi London, kumene lendi ya kachipinda kamodzi ingakugwetseni. Lusaka ndi nkhani ina. Pa msika wa masheya wa Lusaka Securities Exchange pali makampani makumi awiri ndi angapo basi, ndipo dili ikakula amaitana akunja. Pofuna mwini watsopano wa mgodi wa Mopani, kampani ya boma ya za migodi ya ZCCM-IH inalemba ntchito banki yakunja ya Rothschild, kenako kampani ya IRH ya ku Abu Dhabi inatenga 51 peresenti mu 2024.

Chachiwiri, maola. Apa ndi pamene ndabwerera lero.

Ku banki palibe chobisika. Mu 2021 ma analyst 13 a ku Goldman Sachs anadzifunsa okha mafunso, zotsatira zake n'kutulukira poyera: pafupifupi maola 95 pa sabata, tulo maola 5 pa usiku. Sabata ili ndi maola 168 okha, anthuni.

Tsopano bodza. Pansi pa vidiyo yapita ija wina analemba kuti, "Uloya ndi wofewa. Amangofuna maola 2,000 pachaka. Gawani ndi masabata 50, ndi maola 40 pa sabata, ngati wa m'boma." Ndipo ambirinu munayikapo kamtima! Masamu ake ndi olondola, koma wagawa chinthu chimene sakuchidziwa.

Maola 2,000 amenewo amawatcha billable hours, kutanthauza maola okhawo amene kasitomala angalipire. Pitani pa msika wa Kapata mukaone anyamata onyamula anthu pa njinga. Mnyamata wafika 6 koloko m'mawa, achoka dzuwa litalowa. Kodi amalandira ndalama ya tsiku lonselo? Ayi. Amalandira pokhapokha munthu akakhala pa kaliyala. Nthawi yodikira pamthunzi, yopopa tayala, yobwerera wopanda munthu kuchokera ku Mchini, yonseyo ndi thukuta lake, koma palibe womulipira.

Loya wa femu yaikulu ali chimodzimodzi, kungoti wavala taye. Pa kompyuta yake pali kawotchi kowerenga nthawi m'zidutswa za mphindi 6. Kasitomala waimba foni, mphindi 12, alembe 0.2. Wawerenga pangano mphindi 30, alembe 0.5. Wadzuka kukamwa tiyi, kawotchi kaime. Msonkhano wa mu ofesi, kaime. Kuphunzitsidwa lamulo latsopano, kulemba nkhani yotsatsa femu, ngakhale kudzaza fomu ya maola yomweyo, zonsezo kawotchi kali chete. Choncho kuti alembe maola 8, munthu angakhale mu ofesi maola 10 kapena 11.

Ndipo ntchito siibwera mofanana ngati madzi a pampopi. Imabwera ngati mvula ya Januwale. Masabata awiri mungakhale mukuyang'ana khoma, maola osalowa, mtima uli m'mwamba chifukwa chandamale cha chaka sichikudikirani. Kenako dili yafika potseka. Wa ku banki uja, amene mukumumvera chisoni, watumiza zosintha 11 koloko usiku, akuti pangano likhale lokonzeka pofika 7 m'mawa. Mukuganiza kuti akulemba ndani usiku wonsewo? Ndi loya wanu wa "maola 40" uja, khofi wachitatu atazizira pambali, akufufuza ngati mawu amodzi pa tsamba 140 akugwirizana ndi a pa tsamba 12.

Sindikunena kuti n'zofanana ndendende. Kwa ongoyamba kumene, banki imapweteka kwambiri, ndipo ndikuvomera. Koma amene akusankha uloya wa makampani kuti azipita ku Nc'wala ku Mtenguleni chaka chilichonse foni atazimitsa, wanamizidwa. Walira mvula walira matope.

  

Chachitatu, makwerero. Ku banki: analyst zaka ziwiri kapena zitatu, associate, vice president, mpaka managing director. Ambiri safika, amathawira ku private equity (mafemu ogula makampani n'kudzawagulitsa ndi phindu) kapena m'makampani. Ku uloya: associate zaka 8 mpaka 10, ndiye mwina partner, mmodzi wa eni ake a femu, apo ayi mukakhala loya wa mkati mwa banki kapena mgodi, kumene mumaweruka kukadali kowala.

Amayi aja, kwa mwana wa kuno ine ndikadakankhira ku uloya, chifukwa migodi, mabanki ndi makampani a mafoni onse amafuna maloya, pamene mipando ya investment banking ku Lusaka ndi yowerengeka pa zala. Koma adziwe kuti digiri ya ku UNZA siyokwanira, pali chipata cha ZIALE, sukulu imene womaliza digiri ya malamulo ayenera kukhoza kuti aloledwe kugwira ntchito ya uloya. Mu 2021, mwa ophunzira 395, mmodzi yekha ndi amene anakhoza mapepala onse. Mmodzi. Ngati mwanayo amakonda manambala kuposa kuwerenga, ayambe kufunsa za mayeso a CFA, a akatswiri a za ndalama, ali ndi magawo atatu.

Za ZIALE zokha ndikonza vidiyo yake Lachisanu, magetsi akalola. Uja wa komenti ya maola 40, ndikukudikirani pansipa, bwerani ndi kalikyuleta yanu.