Za kuyenda kwa mphindi 6 kuja, mverani musanapite pakhonde mawa

Eee, mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndati ndingojambula mawu, kulemba kunditayitsa nthawi. Ndi za mawa, zoyeza kuyenda kwa mphindi 6 kwa anthu athu amene anamaliza mankhwala a TB. Inu amene mwangolowa kumene mu kafukufukuyu, mumvetsere mpaka kumapeto, musandidule pakati.

Khonde kaye. Mamita 30, lowongoka, lopanda chitunda. Muyeze ndi tepi, osati ndi mapazi, chonde. Choko pa mamita 3 aliwonse, koni uku, koni uko. Kupita ndi kubwera ndi 60. Ndibwereze, ulendo umodzi ndi kupita ndi kubwera komwe, 60, osati 30. Mpando ukhale pafupi.

Munthu akafika asayambe pompo. Ambiri amakhala ayenda wapansi mtunda wautali, amafika ali wefuwefu. Akhale pampando mphindi 10. Ali chikhalire choncho muyeze BP, kugunda kwa mtima, ndi mpweya wa m'magazi pogwiritsa ntchito kachipangizo ka pachala kaja. Mtima ukamagunda kupitirira 120 munthu atangokhala, kapena BP yapamwamba yadutsa 180, kapena yapansi yadutsa 100, musaganize nokha, itanani adokotala. Amene anadwala mtima mwezi wapitawu, ameneyo sayenda n'komwe. Ndiye mufunse za befu pa sikelo ya Borg, ija munthu amatchulapo nambala ya momwe befu lamugwirira, 0 mpaka 10, asanayambe, komanso akamaliza. 

Tsopano apa, apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse. Pakamwa panu.

Munthu akayamba kuyenda, inu mumaima pamzere woyambira. Simuyenda naye. Ndipo simuchemerera. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kuona mayi wamkulu akuvutika iwe uli duu, zimaoneka ngati mwano. Ine zinandigwera, n'chifukwa chake ndikulimbikira. Chaka changa choyamba pa ntchito ngati iyi, kunabwera amayi ena, owonda, atangochira kumene. Tsiku loyamba anawayeza mnzanga wina wofatsa, wosayankhula zambiri. Patapita miyezi anabweranso, ndinawayeza ine. Ndiye ine, ndi mtima wabwino ndithu, ndili pambali pawo, "tiyeni amayi, limbikani, mwatsala pang'ono, musagonje!" Mpaka kuwomba m'manja. Amayi aja anakoka mwendo, anaposa poyamba ndi mamita ambiri, ine kusangalala kuti mapapo achira. Atandifunsa akuluakulu kuti ndinayeza bwanji, ndinafotokoza monyadira. Anangoti, ndiye tayeza mapapo a amayiwo kapena mawu ako? Fomu ija sinagwirenso ntchito. Amayi anataya tsiku lawo, ndalama ya transipoti, zonse, chifukwa cha pakamwa panga.

Si nkhani yongopeka mu ofesi ayi. Ku Canada anayesa zimenezi mu 1984, anapeza kuti kungomulimbikitsa munthu kumawonjezera mamita pafupifupi 30. Ndiye mverani bwino, kusintha kumene madokotala amati apa wodwala wapezadi bwino, nakonso ndi mamita 30 omwewo, malinga ndi malangizo a 2014 a mabungwe a madokotala a mapapo ku Ulaya ndi ku America. Mwaona? Ndiye kuti kuchemerera kokha kungachititse munthu kuoneka ngati wachira pamene palibe chasintha. N'chifukwa chake bungwe la madokotala a mapapo ku America, American Thoracic Society, mu 2002 linalemba mawu enieni oti muzinena, kamodzi pa mphindi iliyonse, basi.

Mphindi yoyamba ikatha, "Mukuchita bwino, kwatsala mphindi 5." Yachiwiri, "Pitirizani choncho, kwatsala 4." Yachitatu, "Mukuchita bwino, mwafika theka." Kenako, kenako zili pakhadi paja, muwerenge pamenepo. Mawu ake akhale amodzimodzi, ngati mukuwerenga chilengezo cha kutchalitchi. Osakweza, osamwetulira mokopa, osagwedeza mutu kuti fulumirani. Thupi nalonso limachemerera, anzanga. Ndipo ngati m'bale wawo wabwera nawo, mumupemphe mwaulemu akhale patali, chifukwa ana amayamba "agogo tiyeni, agogo tiyeni."

Aa, ndayiwala, pofotokoza poyamba paja. Muwauze kuti cholinga ndi kuyenda mtunda wautali momwe angathere, koma osathamanga. Aloledwa kuchepetsa liwiro, kuima, kutsamira khoma. Muwaonetse nokha ulendo umodzi, makamaka pokhota pa koni.

Wotchi. Munthu akaima kuti apume, wotchi siimitsidwa. Siimitsidwa. Tinali ndi mnyamata wina, ndinamuuza kawiri, iye eee ndamva, ndamva. Abambo ena ataima iye anaimitsa wotchi, akuti anawamvera chisoni. Ndiye mphindi 6 zija zinasanduka 8, nanga tilemba chiyani? Yemweyonso tsiku lina anapeza khonde ladzaza anthu, n'kufupikitsa mpaka mamita 15 osauza aliyense. Khonde lalifupi ndiye kuti kukhota kwachuluka, munthu amachedwa pokhota, mtunda umatsika. Likadzaza, dikirani kapena ndiimbireni. Koma tibwerere, munthu akaima mumangoti, "Mutha kutsamira khoma, mukaona kuti mwapezako bwino mupitirize." Mulembe kuti anaima, ndi nthawi yake.

Koma pali kuima kwina kumene inuyo ndi amene mumaimitsa. Akati pachifuwa pakupweteka, akayamba dzandidzandi, thukuta lozizira, nkhope kutuwa, miyendo kukokana, befu losapiririka, pamenepo mpando msanga, adokotala msanga, za mamita tiona pambuyo.

Maulendo muzichonga papepala pompopompo akamadutsa pamzere. Musadalire mutu, ndipo foni ikhale m'thumba. Mphindi 6 zikakwana, "Imani pomwepo." Inu ndi amene mupite kwa iwo, muike choko pamene aima, muwonkhetse maulendo kuchulukitsa ndi 60, kuphatikiza mamita otsalawo.

Ndipo amayenda kawiri, akapuma mphindi 30 pakati. Kachiwiri anthu ambiri amapita patali chifukwa azolowera njira, ndiye timatenga mtunda waukuluwo, koma mulembe yonse iwiri pafomu. Yonse iwiri.

Tepi ili mu kabati ya pansi, choko ndibwera nacho ine. Tikumane 7 koloko kuti tiyeze khonde anthu asanadzaze.