Alongo, za ma antivirus atatu a mu laputopu ija

Alongo anga, mwaswera bwanji kumeneko ku Chilenje? Kuno ku Leeds tili bwino, kuzizira kokha. Amayi muwapatse moni. Uthengawu utalikirapo, ndiye muumve muli limodzi ndi mwana wanuyo, mphwanga, poti iyeyo ndi amene azidina mabataniwo.

Zithunzi za laputopu zija ndaziona. Pakona ya pansi, pafupi ndi wotchi, pakuoneka ma antivirus atatu, mapulogalamu oteteza ku mavairasi: McAfee imene inabwera ndi makinawo, Avast imene anakuikirani mnyamata wokonza uja wa m'tauni, komanso Smadav. Kuwonjezera apo Windows ili kale ndi yakeyake, dzina lake Microsoft Defender. Ndikumvetsa chifukwa chake munalola kuti akuikireni zonsezi. Mmenemo muli ntchito ya sukulu ya mwana ndi mawerengero onse a bizinesi yanu ya zitenje, ndiye munkafuna chitetezo chokwanira. Palibe pulogalamu yoipa pa zimenezi. Chimene chikuchedwetsa laputopu mpaka kumatentha ndi kukhala kwake pamodzi.

Antivirus ya mtundu umenewu sigona. Fayilo iliyonse imene mukutsegula, kukopera kapena kutsitsa pa intaneti, iyo imayamba yaigwira, kuiunika, kenako n'kuilola kudutsa. Ikakhala imodzi, simuzindikira n'komwe kuti ikugwira ntchito. Zikakhala ziwiri, zonse zimalimbirana fayilo imodzimodziyo. Iyi ikaitsegula kuti iiunike, inayo imaona kuti pali china chake chikugwira mafayilo, ndiye nayo imathamangira pomwepo. Zili ngati mwalemba alonda awiri pageti limodzi osawadziwitsana: usiku wonse aliyense akuunika mnzake ndi tochi, kumuyesa wakuba. Nthawi zina imodzi ikagwira vairasi n'kuitsekera pamalo ake obisika, aja amati quarantine, inayo imakaipeza komweko n'kuyamba kukuwa kuti muli vairasi, pamene inagwidwa kale. N'chifukwa chake machenjezo sakutha pa sikirini yanu. Ndiye laputopu imeneyo ili ndi RAM ya 4GB yokha. Mphamvu yochepayo ikuthera pa mkangano, Word n'kumadikira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si kuchedwako. Munthu akaona machenjezo tsiku lililonse amazolowera kungodina kuti atseke osawerenga, ndipo tsiku lodzabwera chenjezo lenileni adzatsekanso chimodzimodzi.

Tsopano mphwanga, mvetsera. Usanachotse chilichonse, kopera mafoda a amayi ako ndi a sukulu pa Google Drive. Akaunti ya Gmail imabwera ndi malo a 15GB aulere, okwanira zolembalemba zonsezo. Ukatero, pita ku Settings, kenako Apps, upeze McAfee, udine Uninstall. Ikatha, zimitsa laputopu n'kuyatsanso. Kenako chita chimodzimodzi ndi Avast, uzimitsenso n'kuyatsa. Imodziimodzi, osathamanga, ndipo uyambe batire ili yodzaza kuti magetsi akathima pakati zisaduke. Ikakana kuchoka bwinobwino, makampani amenewa ali ndi timapulogalamu tawo tosesera zotsalira: ka McAfee ndi MCPR, ka Avast ndi Avast Clear. Utitenge pa webusaiti ya eni ake, osati pa linki iliyonse imene yakutulukira.

Pamenepa alongo mwina mukufunsa kuti tikachotsa zonse, itetezedwa ndi chiyani? Defender ija. Microsoft inaipanga kuti ikaona antivirus ina yaikidwa, imadzizimitsa yokha n'kupereka mpata, ndipo inayo ikachoka imadziyatsanso. Zimenezi zokha zikusonyeza kuti ngakhale eni ake a Windows safuna ziwiri zizigwira ntchito nthawi imodzi. Mphwanga, lemba Windows Security posakira paja, utsegule, uone ngati pa Virus & threat protection ndi pa Firewall pali chizindikiro chobiriwira. Ukapeza chachikasu kapena chofiira, jambula unditumizire. Pa kompyuta ya pakhomo ngati yanuyo, Defender ndi yokwanira, siilipiritsa, ndipo simudzaonanso uthenga wakuti nthawi yake yatha.

Smadav ndi nkhani ina pang'ono. Inapangidwa ku Indonesia, ndipo eni ake anaikonza kuti ikhale yothandizira, makamaka pa mafulashi. N'chifukwa chake mumaiona m'malo ambiri osindikizira mapepala. Siilimbana kwambiri ndi zinzake, koma ine ndingakonde muichotse kaye, tione mmene laputopu ikuyendera ili yopepuka.

Sindikunena kuti chitetezo chizikhala chimodzi chokha ayi. Mapulogalamu angapo amakhala limodzi bwinobwino ngati aliyense ali ndi ntchito yakeyake. Firewall imayang'ana zolowa ndi zotuluka pa intaneti, Defender imayang'ana mafayilo, sizipondana. Ndipo mukhoza kuwonjezera pulogalamu imene imaunika pokhapokha mwaiuza. Yodziwika ndi Malwarebytes yaulere. Koma pali msampha pang'ono: ukangoiika ikhoza kuyamba ndi masiku angapo oyeserera mtundu wolipira, ndipo m'masiku amenewo nayo imakhala yosagona. Ulowe m'ma settings ake uthetse kuyesererako, itsale yoitana basi. Uziyendetsa kamodzi pa mwezi, kapena tsiku limene laputopu yayamba zachilendo. Ukakayikirabe, mu Windows Security momwemo, pa Scan options, muli Microsoft Defender Offline scan. Imazimitsa makina n'kuunika Windows isanadzuke, nthawi imene vairasi singathe kubisala. Imatenga pafupifupi mphindi 15.

Pa mafulashi ndiimepo, chifukwa ndi mmene mavairasi ambiri amalowera kwathuko. Mphwanga amapita kukasindikiza ntchito ya sukulu, fulashi imalowa m'kompyuta imene tsikulo yalandira mafulashi a anthu ambirimbiri, kenako imabwera kunyumba. Ukaibaya, usaitsegule msanga. Dina kumanja pa dzina lake, usankhe Scan with Microsoft Defender. Ukapeza mafoda ako onse asanduka ma shortcut, tija tokhala ndi kamuvi pakona, usadine kalikonse, chifukwa kudinako ndi kumene kumayendetsa vairasiyo. Usachitenso format, kumene ndi kufufuta zonse za mu fulashi, chifukwa cha mantha. Kawirikawiri mafayilo amakhala alimo, angobisidwa, ndipo tikhoza kuwatulutsa. Njira yabwino koposa ndi kusapita ndi fulashi n'komwe: sandutsa ntchitoyo PDF, uitumize kwa osindikizawo pa WhatsApp kapena imelo.

China ndi ma update. Ndaona pa chithunzi kuti munawaimitsa. Ndikudziwa kuti amadya bandulo, ndipo ndalama ya bandulo ndi yomweyo ya ndiwo. Koma antivirus yopanda update imangodziwa mavairasi akale, ndipo Windows yopanda update imakhala ndi mipata yosatsekedwa. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'zipatala zambiri za NHS kuno ku England, odwala ena mpaka kubwezedwa. Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera mpata umenewo mu Malichi chaka chomwecho, koma makompyuta ambiri anali asanachilandire. Ndiye ndizikutumizirani ya bandulo mwezi uliwonse, yapadera, ya ma update okha. Musaigwiritse ntchito pa TikTok, mphwanga, ndikunena iwe.

Undiuzenso kuti muli Windows yanji. Microsoft inathetsa chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndiye ngati ndi imeneyo tione ngati makinawo angalandire Windows 11. Pita ku Settings, System, About, ujambule tsamba lonselo.

Ndipo wina akadzakuuza kuti akuikire Office kapena masewera okhala ndi crack, aja obedwa osalipira, n'kunena kuti uzimitse kaye Defender kuti zilowe, ukane. Ukazimitsa wekha chitetezo n'kulowetsa pulogalamu yosadziwika kochokera, ngakhale ma antivirus asanu sangakuthandize. Zolembera zaulere zilipo, monga LibreOffice ndi Google Docs.

Alongo, chomaliza ndi chanu. Pa webusaiti pakatuluka uthenga waukulu wofiira wakuti kompyuta yanu ili ndi mavairasi, imbani nambala iyi kapena dinani apa, ndi bodza. Tsekani tsambalo. Webusaiti singaunike makina anu chonchija. N'chimodzimodzi ndi aja oimba foni n'kumati ndi a Airtel kapena MTN, akufuna PIN ya mobile money. Kampani yeniyeni siipempha PIN. Zimenezi palibe pulogalamu ingakukanireni, muyenera kukana nokha. Muwauzenso amayi, poti iwo amakhulupirira aliyense wolankhula mwaulemu pa foni.

Lamlungu mukaweruka ku tchalitchi ndiimba pa vidiyo. Laputopu ikhale yotchajidwa, mafoda akhale atakoperedwa kale, ndipo mphwanga akhalepo, kuti chimene chakana kuchoka tichotsere limodzi. Tsalani bwino, alongo anga.